Ana athu a m'sukulu za mpikisano kuno ku Joni apanikizika: tichotsepo chiyani?

aNachisale (Randburg):
Moni nonse. Nkhani iyi makolo akhala akuinong'ona kumbali, ndiye ndati ibwere poyera. Ana ambiri akwathu amene anapeza malo m'sukulu zokhozetsa bwino kuno ku Johannesburg, zaboma zomwe kale zinkatchedwa Model C komanso zolipira zolemba mayeso a bungwe loima palokha la IEB, akudwala mutu pafupipafupi, sakugona, ena akulira chifukwa apeza 68%. Ma prelim, mayeso oyeserera a Grade 12, nawo ayandikira. Muno tili ndi aphunzitsi, anamwino ndi aphungu. Chonde tiuzeni zoti kholo lingachite sabata inoyi, osangoti "mwana azipuma".

aMbewe (aphunzitsi a masamu, Turffontein):
Zikomo mayi poiyambitsa. Poyambira ndi pepala ndi pensulo, mwanayo ali pomwepo. Sabata ili ndi maola 168. Chotsanipo tulo, maola 9 usiku uliwonse, ndiye 63. Sukulu kuyambira 7:30 mpaka 14:30 kwa masiku asanu ndi 35. Mwana wokwera ma taxi awiri, wosinthira ku Bree kapena ku Noord, msewu umamudyera maola awiri patsiku, ndiye 10. Kudya, kusamba, kutsuka mbale ndi zina zapakhomo ikani 14. Mwatsala ndi 46. Masewera masana atatu kuphatikizapo mpikisano wa Loweruka amatenga pafupifupi 10, tchalitchi kapena madrasa 4, ma extra lesson 4. Mwatsala ndi 28.

Tsono mwana amene amakhalira mabuku maola anayi tsiku lililonse, ndi Lamulungu lomwe, wamaliza 28 yense uja. Alibe ngakhale ola limodzi longokhala. Project ikagwa, magetsi akazima, taxi ikachedwa, nthawi yobwezera amakaitapa kumodzi kokha, ku tulo. Ndiye pa pepalalo pachoke chinthu chenicheni, chokhala ndi dzina ndi maola ake. Nthawi zambiri chochotsa chimakhala masewera achiwiri kapena extra lesson ya phunziro lomwe mwana akukhoza kale.

aNangozo (anamwino, Rosettenville):
Pa tulo pomwepo ndiwonjezere. Madokotala a za tulo amati wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Wodzuka 5:00 kuti akapeze taxi ya 5:45 ayenera kukhala atagona pofika 21:00. Chovuta ndi chakuti mwana akatha msinkhu thupi limachedwa kutulutsa melatonin, yomwe imabweretsa tulo, mwina ndi ola limodzi kapena awiri. Akamati tulo sitikubwera 21:00 sakunama ayi. Ndi chifukwa chake ku California anakhazikitsa lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, loti ma high school asamayambe 8:30 isanakwane. Ife kuno belu sitingalisunthe, koma zapakhomo tingathe.

Sunthani nthawi yogona pang'onopang'ono, mphindi 15 pakatha masiku awiri kapena atatu, osalumpha kuchoka 23:30 kufika 21:00 tsiku limodzi, chifukwa adzangogona chopenya nkutenganso foni. Foni izichajidwa kunja kwa chipinda, kapena ngati banja lonse lili m'chipinda chimodzi, izikhala m'chikwama cha kholo ola limodzi asanagone. Gulani wotchi ya alamu kuti pasakhale chonamizira. Loweruka ndi Lamulungu asapitirire maola awiri kuchokera pa nthawi yomwe amadzuka masiku a sukulu, apo ayi Lamulungu usiku tulo tidzavuta. Kugona masana kukhale kwa mphindi 20 kapena 30, 16:00 isanakwane.

Zimene mwana wawerenga masana, ubongo umazikhazika bwino ali mtulo. Wochezera ndi buku mpaka 2:00 amafika m'mayeso akuzindikira kuti funsoli analionapo, koma njira yake osaikumbuka.

aJere (Cosmo City):
Pepani akuluakulu, ine ndiyankhule mosiyana pang'ono. Tisaiwale chomwe tinadzera kuno. Mwana wa mlendo wopanda mapepala okhazikika NSFAS, thandizo la boma la fizi za ku yunivesite, siimukhudza. Njira yake ndi ma distinction basi, kuti mwina apeze bursary. Fizi tikulipira ndi thukuta, ena kugwira ntchito za m'nyumba ndi za m'magaladeni. Tikayamba kuwauza kuti azigona 21:00, anzawo akuwerenga, kodi sitikuwapha tsogolo?

aNaphiri (aphungu a ana asukulu):
Bambo Jere, nkhawa yanuyo ndi yoona, ndipo palibe akunena kuti malikisi alibe ntchito. Funso ndi lakuti chimakweza malikisi ndi chiyani, ndipo chimaphwanya mwana ndi chiyani.

Katswiri wina wa za maganizo ku America, Suniya Luthar, anatha zaka zambiri akufufuza ana a m'sukulu zokhoza kwambiri. Anapeza kuti nkhawa, kukhumudwa kwakukulu ndi kumwa zoledzeretsa zinali zochuluka pakati pawo kuposa ana ena ambiri amsinkhu wawo. Mu 2019 bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine linaika ana a m'sukulu zotere m'gulu la ana omwe ali pachiopsezo. Ana odya bwino, ovala blazer, koma odwala mkati.

Mwana wakwathu amasenza katundu wina pamwamba pa umenewo. Amadziwa mtengo wa fizi, amamva matelefoni ochokera kumudzi oti "dokotala wathu ali bwanji", ndipo ngati ali pa bursary amaopa kuti teremu imodzi yoipa imuchotsetsa. Zoterezi sanena, poopa kuoneka wosayamika. Ndiye pakhomo sinthani zinthu zitatu izi. Akalowa m'nyumba, funso loyamba lisakhale la test. Adye kaye, asambe. Nkhani ya malikisi ikhale ndi tsiku lake limodzi pa sabata, mphindi 20, mwina Lamulungu masana, osati chakudya chilichonse. Ndipo fizi musaitchule pomudzudzula. Mawu oti "ndalama zanga zikupita pachabe" mwana amawamva ngati akuti iyeyo ndiye wachabe.

aJere:
Za fizizo ndamva mayi. Koma akabwera ndi 55% pa Physical Sciences tizingomwetulira?

aNaphiri:
Ayi bambo. Pemphani pepala lenilenilo, osati lipoti lokha. Khalani naye muone pomwe malikisi anathawira: kodi mutuwo sanaumve, kapena anaumva koma nthawi inamuthera, kapena analakwitsa zing'onozing'ono chifukwa chothamanga? Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana. Kukalipa sikuchiza ngakhale chimodzi. Kumenya ndiye kusayerekeze, paja khothi la Constitutional Court linagamula mu 2019 kuti ngakhale kholo pakhomo sililoledwa.

aMbewe:
Mantha ambiri amabwera chifukwa ana ndi makolo sadziwa kulemera kwa pepala lililonse. Ku Grade 12, pa maphunziro ngati Maths, Physical Sciences ndi Accounting, ntchito ya chaka chonse yomwe amaitcha SBA ndi 25% yokha. Mayeso omaliza ndi 75%. Tiyerekeze kuti test ina ikulemera 10% ya SBA. Ndiye kuti pa malikisi omaliza ndi 2,5 basi. Mwana amene amayembekezera 80% nkupeza 60% pa test imeneyo wataya theka la malikisi amodzi. Theka! Koma amatha kusagona masiku atatu chifukwa cha zimenezo. Sukulu iliyonse ili ndi programme of assessment yosonyeza kulemera kwa ntchito iliyonse. Ipempheni, muimate pakhoma. Ma prelim ndiwo amalemera kwambiri mkati mwa SBA, ndiye mphamvu zisungidwire kumeneko.

China, dziwani chomwe mukuthamangira. Bachelor's pass, yomwe imalola mwana kufunsira digiri, imafuna 50% pa maphunziro anayi, kupatula Life Orientation, ndi 40% pa Home Language. Distinction ndi 80% kupita m'mwamba, yomwe ndi level 7. Koma yunivesite imaona APS, ma point owerengedwa kuchokera pa malikisi, ndi maphunziro enieni a course yomwe mwana akufuna, ndipo kawerengedwe ka Wits ndi kosiyana ndi ka UJ. Tsegulani prospectus ya chaka chimenecho, lembani zomwe course ikufuna, kenako onani maphunziro awiri omwe ali pafupi kudumphira level ina. Kuchoka pa 68% kufika 70% kumawonjezera point yathunthu pa APS ya ku UJ; kuchoka pa 82% kufika 88% sikuwonjezera kanthu. Kufuna ma distinction asanu ndi awiri nthawi imodzi ndiko kumabalalitsa mwana.

Makolo a Grade 11 musagone: pofunsira malo ku yunivesite amayamba kuona zotsatira za kumapeto kwa Grade 11.

Che Yusufu (Mayfair):
Aphunzitsi, nanga ana obwera kuchokera kumudzi atakula kale? Afrikaans ndi isiZulu zikuwagwetsa kwambiri, ndipo zikudya nthawi ya maphunziro ena.

aMbewe:
Funso labwino kwambiri Che Yusufu, ambiri sadziwa. Malamulo a NSC, satifiketi ya matric ya Grade 12, ali ndi chomwe amachitcha immigrant status. Mwana amene anayamba sukulu ya ku South Africa ali Grade 7 kapena kupitirira apo angathe kuloledwa kusalemba chiyankhulo chachiwiri cha dziko lino, nkutenga phunziro lina m'malo mwake. Sizibwera zokha. Kholo lipite kwa ahedi kapena kwa mkulu wa grade ndi pasipoti, permit, ndi malipoti a sukulu ya ku Malawi osonyeza pomwe analekezera, sukulu ndiyo imatumiza pempho ku district kapena ku IEB. Chitani mwana akangolowa, makamaka asanasankhe maphunziro a Grade 10. Amene anayamba kuno ali wamng'ono nkuphunzira kuno mosalekeza njira imeneyi siimukhudza.

Bambo a Tadala (Kempton Park):
Nanga za Maths ndi Maths Literacy? Mwana akamavutika ndi Maths tingamusinthe, kapena ndiye kuti tamutsekera zonse?

aMbewe:
Zimatengera komwe akulowera. Engineering, udokotala, actuarial science ndi ma BSc ambiri amafuna Maths yeniyeni, ndipo pamlingo wokwera. Ma course ambiri a Humanities, ena a uphunzitsi ndi ma diploma angapo amalandira Maths Literacy. Ngati pakutha pa Grade 10 mwana akadali pansi pa 40% ngakhale akuthandizidwa, ndipo course yomwe akufuna siifuna Maths, kusintha kumamumasulira maola ambiri pa sabata ndipo APS imakwera. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kudikira chifukwa cha manyazi a makolo mpaka Grade 12, pomwe khomo losinthira limakhala litatsekeka. Komanso musasinthe chifukwa cha teremu imodzi yokha. Nthawi zina vuto ndi algebra ya Grade 9, ma factorisation ndi ma exponent, yomwe ingakonzeke pa milungu isanu ndi umodzi.

Kawerengedwe nakonso. Kubwereza notsi ndi kupaka highlighter kumatenga maola koma phindu lake ndi lochepa. Atseke buku, alembe zomwe akukumbuka, kenako atsegule aone zomwe wasiya. Mutu womwewo aubwerere mawa lake, pakatha masiku atatu, ndiponso pakatha sabata. Mapepala a zaka zam'mbuyo ndi ma memo ake ali ulere pa webusaiti ya Department of Basic Education, pamodzi ndi mabuku a Mind the Gap. A Siyavula a Maths ndi Science nawonso ndi aulere. Pepala la Maths ndi malikisi 150 pa maola atatu, kutanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 12 pa malikisi amodzi. Funso la malikisi 5 likadya mphindi zoposa 6, alisiye adzalibwerere. Azolowere zimenezi kunyumba ndi wotchi. Pa tsiku la sukulu, maola awiri kapena awiri ndi theka, ogawidwa mphindi 45 ndi kupuma mphindi 10, foni ili kwina, amaposa maola anayi a m'maso muli gwa.

aNangozo:
Ndichenjezeko za zomwe ana akumwa kuti asagone. Chitini cha Red Bull cha 250 ml chili ndi caffeine 80 mg, zitini zazikulu za 500 ml zambiri zimafika cha m'ma 160 mg. Wachinyamata sayenera kupitirira pafupifupi 100 mg patsiku. Pakatha maola asanu theka la caffeine limakhala likadali m'magazi, ndiye chitini cha 18:00 chikugwirabe ntchito 23:00. Zotsatira zake mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, m'mimba kuwotcha, zomwe mwana amaziona ngati mantha a mayeso nkuwonjezera kuopa. Ma tonic ena a ku pharmacy nawonso ali ndi caffeine, werengani pa botolo.

Choopsa kwambiri ndi kupatsana Ritalin kapena Concerta. Amenewa ndi mankhwala a Schedule 6, a munthu amene dokotala wamupeza ndi ADHD, vuto lolephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi. Kumwa a mnzako ndi mlandu, ndipo amachotsa njala ndi tulo, amakweza BP. Mukaona mwana wasiya kudya, akuchezera osatopa, kenako nkugwa ulesi tsiku lonse, funsani.

M'mawa asachoke ndi njala. Phala la oats kapena la mgaiwa lothira chiponde, dzira, nthochi, ndi botolo la madzi m'chikwama. Masewera musawaletse onse chifukwa cha matric. WHO imati ana mpaka zaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 patsiku. Chepetsani mipikisano, koma kuthamanga kapena mpira wa masana zikhalepo.

aNachisale:
Zonsezi ndi zapakhomo. Nanga sukulu? Paja ma test atatu tsiku limodzi si kholo limawaika.

aNaphiri:
Apa ndi pomwe makolo akwathu timafooka, timaopa kuti tikayankhula mwana adzadedwa kapena adzatifunsa mapepala. Kholo lililonse la mwana wolembedwa pa sukulu yaboma lili ndi ufulu wopita ku misonkhano ndi kulembera SGB, komiti yoyendetsa sukulu, malinga ndi South African Schools Act ya 1996. Ana nawo ali ndi RCL, komiti yawo yowaimira. Musapite nokhanokha ndi madandaulo. Pitani makolo asanu kapena khumi, a mitundu yonse, ndi pepala la maola lija la aMbewe la ana angapo, mupemphe zinthu zoti sukulu ingachite popanda ndalama.

Choyamba kalendala imodzi ya ma test ndi ma project ya grade yonse, yoti mphunzitsi aliyense aziiona asanaike tsiku, ndi malire akuti ntchito zikuluzikulu zisapitirire ziwiri patsiku. Aphunzitsi sachitira dala. Aliyense amaona phunziro lake lokha, ndipo onse amathamangira sabata yomweyo malipoti asanatseke. Chachiwiri, sabata yomaliza mayeso asanayambe isakhale ndi project yopereka. Chachitatu, ntchito zisamatumizidwe pa WhatsApp kapena Google Classroom usiku nkumafunika m'mawa. Pakhale ola lotsekera, monga 18:00. Ana okwera taxi ndi okhala m'madera ozimazima magetsi ndiwo amapwetekeka nazo kwambiri.

Nkhani ya kumata mndandanda wa top ten pakhoma ndi yovutirapo chifukwa sukulu zambiri zimainyadira. Ine ndimaona kuti imapweteka ana apamwamba omwewo kuposa ena: wa nambala 3 amayamba kubisira anzake notsi, akatsika kufika 6 amaona ngati dziko latha. Pemphani kuti mphotho zizipitanso kwa amene wakwera kwambiri kuchokera pomwe anali.

Mayi a Chisomo (Yeoville):
Aphungu, tingasiyanitse bwanji kutopa wamba ndi matenda enieni? Ena amati ndi ulesi, ena amati ndi zakumudzi.

aNaphiri:
Mantha a mayeso wamba amabwera mayeso akayandikira, akadutsa amatha, ndipo mwana amadyabe, amasekabe ndi anzake. Muyambe kuda nkhawa zikapitirira milungu iwiri: kusagona kapena kugona kwambiri, kusiya kudya, kudzitsekera, kusiya zomwe ankazikonda, kupsa mtima msanga, mutu ndi m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu, kuvala zamikono yaitali kukutentha pobisa mabala odzicheka. Dziwani kuti malikisi amatha kukhalabe okwera mwana akudwala. Ana okhoza amabisa kwambiri.

Mawu ngati "ndatopa ndi moyo", "bola kulibe ine", "ndikungokuonongerani ndalama", kapena kugawa zinthu zake, amenewo si odikira nawo mawa. Mufunseni mwachindunji, modekha: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Akavomera musamukalipire, musamulalikire, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe aja ogula mumsewu, kwathu timati tameki, ndipo mapiritsi onse, ndi Panado yemwe, atsekeredwe. Imbani SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567 kapena Childline pa 116, zonse ndi zaulere. Ngati wamwa kale chinthu, thamangirani ku casualty kapena imbani 112 pa foni ya m'manja, mutenge botolo kapena paketi ya chomwe wamwacho, ndipo musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka.

Pemphero ndi uphungu sizilimbana, mayi. Abusa kapena ashehe apemphere, koma kuchipatala apitenso. Poyambira ndi phungu wa pasukulu kapena School-Based Support Team, kapena kiliniki ya m'dera lanu yomwe imatumiza ku chipatala chachikulu. Opanda medical aid angafunsenso ku Emthonjeni Centre ya ku Wits kapena ku Johannesburg Parent and Child Counselling Centre. Phungu wolipiritsa aliyense amene mwamupeza, onani kuti ndi wolembedwa ku bungwe loona za ogwira ntchito zaumoyo la HPCSA, kapena ku SACSSP ngati ndi social worker.

aNangozo:
Kwa amene amagwidwa mantha m'chipinda cha mayeso, mtima kugunda, mutu kuyera: aike pensulo pansi, mapazi onse pansi, akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kutulutsa motalika ndiko kumatsitsa mtima. Ayeserere kunyumba tsiku ndi tsiku, chifukwa chinthu chachilendo sichikumbukika mantha akafika. Mphindi 10 zowerenga pepala asanayambe kulemba azigwiritse ntchito posankha funso losavuta loyambira.

Che Yusufu:
Ndamva kuti ena amapatsidwa nthawi yowonjezera pa mayeso. Zimenezi zimayenda bwanji?

aMbewe:
Amazitcha accommodations kapena concessions: mphindi zowonjezera pa ola lililonse, chipinda chapadera, womuwerengera, womulembera, kapena kupuma pakati. Ndi za mwana amene ali ndi vuto lotsimikizika, monga dyslexia, ADHD, vuto la maso, kapena matenda a nkhawa omwe dokotala wawapeza. Ku sukulu zaboma zimadutsa mu ndondomeko ya SIAS ya 2014, kuchoka ku School-Based Support Team kupita ku district. Ku zolipira sukulu imapempha ku IEB. Pamafunika lipoti la educational psychologist kapena la dokotala, ndi zitsanzo za ntchito za mwana zosonyeza kuti vutolo ndi lakale. Pempho la mwezi wa September mu Grade 12 kawirikawiri limakhala lachedwa, ndiye yambani mu Grade 10 kapena koyambirira kwa Grade 11.

aJere:
Chabwino, ndagonja pa za tulo ndi za fizi. Koma funso langa loyamba likadalipo. Zotsatira zikatuluka January, mwana wasemphana ndi course yake ndi ma point awiri, tidzatani?

aMbewe:
Njira zilipo bambo, ndipo mwana azidziwe asanalembe, osati atagwa kale, chifukwa woganiza kuti khomo ndi limodzi ndiye amauma manja m'mayeso. Zotsatira zikangotuluka pamakhala masiku ochepa opemphera remark kapena recheck, tsiku lotsekera limalembedwa kuseli kwa statement of results. Amene walemba NSC yaboma angalembenso maphunziro ena pa mayeso a May ndi June kuti akweze, ndipo boma lili ndi Second Chance Matric Programme yothandiza okonzekera. Mayunivesite ngati UJ ali ndi ma extended programme owonjezera chaka chimodzi, Unisa ili ndi ma Higher Certificate omwe amatsegula njira ya digiri, ndipo kuli makoleji a luso la ntchito, ma TVET, monga Central Johannesburg ndi South West Gauteng. Ena amabwerera kukafunsira ku MUBAS, LUANAR, MUST kapena Mzuni. Pofunsira malo musalembe course imodzi pa yunivesite imodzi. Lembani yolakalaka, yapakati, ndi yomwe malikisi a Grade 11 akukwanira kale.

Mayi a Chisomo:
Nanga akadwala tsiku lenileni la pepala lomaliza?

aMbewe:
Imbirani sukulu m'mawa womwewo, apite kwa dokotala kapena ku kiliniki tsiku lomwelo, kalata yake ikhale ndi deti la tsiku la pepalalo, ndipo muipereke kwa ahedi msanga, inu mutasunga fotokope. Ndi kalata imeneyo amaloledwa kudzalemba pepalalo ulendo wotsatira. Ngati kwangokhala kuchedwa kwa taxi, apitebe: wofika ola loyamba lisanathe amalowa, kungoti nthawi yotayikayo sabwezeredwa.

aNachisale:
Zikomo nonse. Makolo a Grade 10 ndi 11 amene mukufuna tilembere limodzi kalata ya ku SGB ya kalendala ya ma test, lembani grade ya mwana pansipa, dzina la mwana ndi la sukulu musatchule pagulu. aNaphiri, tithandizeni kuona kalatayo isanapite.

aNaphiri:
Ndiiona mayi. Ikhale ya tsamba limodzi, zopempha zitatu zokha, ndipo aliyense abweretse pepala la maola a mwana wake la sabata yathunthu.